DOTOLO WA MANO SI WONGOZULA: TIMFUNA KU SUKULU

Abale ndi alongo a m'Nthambi yathu,

Pa msonkhano wa mwezi watha ndinaimirira kuti ndinene za mano a ana, ndipo ena a inu munaseka. Bambo wina kumbuyo anati, "Aphunzitsi, ife tadzera za feteleza ndi za mlatho, inu mukuti mano?" Dzuwa linapendeka ndisanawayankhe. Chotero ndayesa kuti ndiyankhe m'kalata muno, kuti odziwa kuwerenga awerengere anzao, ndipo pa msonkhano ulinkudza tidzaweruzane bwino lomwe.

Ndiyambe ndi chimene ndinaona ndi maso anga. M'kalasi mwanga muli mtsikana wina wa zaka 9, wochangamuka, amene dzanja lache limayamba kukwera pa nthawi ya masamu. Teremu yatha anayamba kungokhala duu, dzanja liri pa tsaya. Anajomba masiku atatu, nabwera tsaya litatupa ngati wabvumata ndimu. Amai ache anali atayesa zonse zimene timayesa kumudzi: madzi a mchere, fodya, ndi aspirini woika pa nkhama, amene anangomuwotcha. Potsiriza anagulitsa nkhuku ziwiri, nakwera kabaza kufikira pa msewu, nakwera minibasi kunka ku chipatala cha ku boma. Dzino linazulidwa, kutupa kunatha, ndipo mwana anabwerera ku sukulu. Koma m'mene ndinapenya m'kamwa mwache mtima unandiwawa, pakuti limene linazulidwa silinali dzino la ubwana iai. Linali dzino la ukulu, lotafunira la kumbuyo, limene liyenera kumfikitsa munthu ku ukalamba. Amai ache anati kwa ine, "Palibe kanthu, Aphunzitsi, limera lina." Abale, silidzameranso.

Sindiri kumnenera zoipa munthu amene anazula dzinolo. Pa tsiku limenelo panalibenso china choti achite, ndipo anapulumutsa mwana ku mafinya amene akadatha kufalikira ku khosi. Chimene ndiri kutsutsa ndi ichi: chifukwa ninji mwana wa kumudzi amaonana ndi dotolo wa mano tsiku lokhalo limene dzino laola kale? Munthu ameneyu anaphunzira kuyesa mano, kuzindikira nthenda isanakule, ndi kumata dzino kuti likhale. Ife tamsandutsa wongozula. Akhala m'chipinda chache ku boma kudikira ana olira, pamene akadayenera kufika kuno kwa ana amene sanayambe kulira.

KODI MUNTHU AMENEYU NDANI?

Amene ife timangoti dotolo wa mano pa zipatala za m'maboma, kawirikawiri ndi uja amatchedwa dental therapist m'Chingerezi. Amaphunzira zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, nalandira dipuloma, ndipo sangakhudze m'kamwa mwa munthu asanalembedwe m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Amaphunzira kuyesa m'kamwa, kubaya jekeseni wochititsa dzanzi, kupala zoipa zouma pa mano, kumata mano obooka, kuzula, ndi kudziwa nthenda imene iri yomkulira kuti aitumize patsogolo. Pamwamba pache pali dotolo wamkulu wa mano, amene Angerezi amati dentist, wophunzira ku yunivesite zaka zisanu. Wamkuluyo ndi wofunika, koma si amene mudzampeza inu mukatsika minibasi pa boma. Amene mudzampeza ndi uyu wa zaka zitatu, ndipo za iyeyu ndiri kulemba.

Pali mau atatu amene amatitseka pakamwa tikafuna kupempha chithandizo chimenechi. Ndiwatenga limodzi limodzi.

MAU OYAMBA: "NDI MANO A UBWANA, ADZAGWELUKA OKHA"

Mau awa timanena ndife eni ache, ndipo ndiwo aononga ana ambiri. Mwana amamera mano a ubwana 20. Loyamba limatuluka ali ndi miyezi ngati 6, ndipo akamakwana zaka 3 amakhala atatuluka onse. Akutsogolo amayamba kugweluka pa zaka 6 kapena 7, zoona, koma otafunira a kumbuyo amakhala kufikira zaka 10, 11 kapena 12. Tsono dzino limene labooka mwana ali ndi zaka 4 likhoza kumsautsa zaka zina 6 kapena 7. Kodi alipo pakati panu bambo amene angapirire dzino lowawa kuyambira kubzala kufikira kukolola, osanena za zaka 7? Nanga bwanji timuuza mwana kuti apirire?

Komanso dzino la ubwana limasungira malo dzino la ukulu limene liri kukula pansi pache. Likazulidwa nthawi isanakwane, anzache amasendera pa mpatapo, ndipo la ukulu likamadza limapeza pakhomo potseka, nilimera mopotoka. Mafinya a pa muzu wa dzino la ubwana akhozanso kulemaza la ukulu lisanatuluke n'komwe.

Ndipo imvani ichi, chimene amai aja sanachidziwe. Pa zaka ngati 6, kumbuyo kwenikweni kwa mano a ubwana, kumamera mano anai a ukulu, awiri kumwamba, awiri kumunsi. Amenewa amamera popanda dzino lina kugweluka, chotero makolo amayesa kuti nawonso ndi a ubwana. Pamwamba pao pali timakwawa m'mene zakudya zimatsalira, ndipo ndiwo amayamba kuola mwa mano onse 32 a munthu wamkulu. Kholo silingawasiyanitse, ngakhale ine mphunzitsi ndinachita kuuzidwa. Dotolo wa mano amawadziwa pongoyang'ana kamodzi, ndipo akawapeza ali bwino akhoza kutseka timakwawato kuti kuola kusayambe.

Dzino siliola tsiku limodzi. M'kamwa mwa munthu ali yense muli tizirombo tosaoneka, timene timadya shuga ndi kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikopa cholimba cha dzino pang'ono pang'ono. Poyamba pamangooneka kadontho koyera ngati choko. Pamenepo palibe kuwawa, ndipo nthenda ikhoza kuimitsidwa ndi mankhwala opaka ndi kutsuka bwino. Kenaka pamabooka kauna, ndipo pamenepo kumata kukwanira. Kauna kakafika pa mtsempha wa m'kati, mpamene mwana amayamba kulira usiku, ndipo mpamene ife timayamba kufuna nkhuku yogulitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuchokera pa kadontho kufikira pa kulira pamapita miyezi yambiri, nthawi zina zaka, ndipo nthawi yonseyo timaitaya chifukwa palibe diso lophunzira limene limapenya m'kamwa mwa mwana wa kumudzi.

Diso limenelo silingoona mano obooka okha. M'madera ena a dziko lino madzi a pa mjigo amadetsa mano kukhala ofiirira, ndipo makolo amayesa kuti aola; dotolo wa mano amadziwa kusiyanitsa. Pali nthenda ina yoopsa yotchedwa noma, imene imagwira makamaka ana a zaka 2 kufikira 6 osowa zakudya m'thupi. Imayamba ngati zironda za pa nkhama, ndipo ikalekereredwa imadya tsaya m'masiku owerengeka. Koma ikagwidwa poyamba imachizika ndi mankhwala, ukhondo ndi chakudya. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, linaiika pa mndandanda wa nthenda zonyalanyazidwa mu December 2023. Palinso khansa ya ana imene dotolo Denis Burkitt anailongosola ku Uganda mu 1958, imene iri pakati pa khansa zofala koposa mwa ana a kuno kwathu. Kawirikawiri imayamba ndi kutupa kwa nsagwada ndi kugwedera kwa mano, ndipo imakula msanga. Kumudzi tingati ndi dzino chabe, kapena tingayambe kulozana zala. Wophunzira adzati iai, uyu apite lero ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kodi pamenepa mukuonabe kuti nkhani ya mano ndi yoseketsa?

MAU ACHIWIRI: "AMENEYU SI DOTOLO WENIWENI"

Mau awa amanena anthu ophunzira, a m'tauni, amene dzino likawawawa amakwera galimoto kunka ku chipatala cholipira. Amati mwana ayenera kuyesedwa ndi dotolo wamkulu yekha. Chabwino, tiyeni tichite masamu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 ali onse, 84 amakhala kumudzi. Pa nthawi imeneyo madotolo akulu a mano m'dziko lonse sanali kukwana 50, ndipo ochuluka anali m'mizinda. Kufikira chaka cha 2019 dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madotolo otere. Wofuna anali kukaphunzira kunja. M'chaka chimenecho maphunzirowo anayamba ku College of Medicine, imene tsopano iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Ndi chinthu chonyaditsa, ndipo sindichipeputsa. Koma sukulu imodzi yotulutsa madotolo owerengeka pa chaka idzatha zaka zingati kuti ifikitse mmodzi pa chipatala chathu chaching'ono? Mwana amene ali mu Sitandade 1 lero adzakhala ndi zidzukulu. Fodya wako ndi amene ali pa mphuno. Kunena kuti tidikire wamkulu ndi kunena kuti mwana wa kumudzi asaonedwe ndi munthu ali yense.

Ndiponso musayese kuti dotolo wa zaka zitatu ndi chinthu chopangira maiko osauka okha. Nzeru imeneyi inayamba ku New Zealand, dziko lolemera. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anapeza kuti anyamata ambiri olowa usilikari anali ndi mano oola. Mkulu wina wa za mano, Thomas Hunter, anati bvuto limeneli ligwidwe ku ubwana, ndipo mu 1921 anatsegula sukulu ku Wellington yophunzitsa atsikana zaka ziwiri kuti akhale anamwino a mano a m'sukulu. Madotolo ena akulu anatsutsa, koma boma silinabwerere m'mbuyo. Anamwinowo anaikidwa pa masukulu penipeni, nayesa ana, namata, nazula pofunika. Sanadikire ana ku chipatala, anawatsata kumene ali. Angerezi anatengera chitsanzo chimenechi, natsegula sukulu yao ku New Cross mu London mu 1960, ndipo kuyambira 2013 munthu ku Britain akhoza kuonana ndi dental therapist osayamba wadzera kwa dotolo wamkulu. Ku Alaska, m'dziko la America, kumene midzi ya eni dziko iri kutali ndi zipatala monga yathu, anthu otere anayamba nchito mu 2005. Bungwe la madotolo akulu a mano linakasuma kuti aletsedwe, koma bwalo la milandu linakana mu 2007. Tsono ngati maiko a madotolo ochuluka amakhulupirira munthu ameneyu pa ana ao, ife amene tiri ndi owerengeka timnyozeranji?

Ndinene zoona zonse, kuti wina asadzati Mlembi anabisa. Ziripo nchito zimene dotolo wa zaka zitatu sayenera kugwira: kuongola mano opotoka ndi mawaya, kulumikiza nsagwada yothyoka koopsa, kuchotsa chotupa. Wanzeru amadziwa malire ache, ndipo amafunika wamkulu womuyang'anira ndi womulandirira odwala. Madotolo akulu amene ayamba kutuluka m'sukulu yathu akhale atsogoleri a gulu limeneli. Mutu umodzi susenza denga. Koma nchito ya tsiku ndi tsiku pa mano a ana, ndiyo kuyesa, kupaka, kutseka, kumata ndi kuphunzitsa, iri m'manja mwa uyu amene tiri naye kale.

MAU ACHITATU: "KUMUDZI KULIBE MAGETSI, KULIBE MPANDO"

Mau awa ndi a m'maofesi. Amati kumata dzino kufuna mpando wa makina ndi chobooletsa cha magetsi, chotero sizitheka kuno. Zinali zoona kale, koma tsopano si zoona. Cha m'ma 1985, kwa anansi athu ku Tanzania, dotolo wa mano Jo Frencken anayamba njira yomata mano popanda magetsi, imene imatchedwa ART. Amapala poolapo ndi tizitsulo ta m'manja, namata ndi mankhwala onga simenti otchedwa glass ionomer, amene amagwira dzino ndi kulilimbitsa. Njira imeneyi inayesedwa pa ana a sukulu ku Zimbabwe, ndipo WHO inaionetsa ku dziko lonse mu 1994. Mwana amagona pa tebulo kapena pa benchi, m'kalasi kapena pa khonde, ndipo kawirikawiri safuna ngakhale jekeseni. Palinso mankhwala a madzi otchedwa silver diamine fluoride, amene amadonthezedwa pa dzino lobooka kuti kuola kuime. Amadetsa poolapo kukhala bii, nchifukwa chache kholo liyenera kuuzidwa poyamba, koma dzino lakuda losawawa liposa mpata. Mu 2021 WHO inaika mankhwala awiri onsewa, pamodzi ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, pa mndandanda wa mankhwala ofunika amene dziko liri lonse liyenera kukhala nao.

Chotero chimene chisowa si magetsi. Chisowa ndi bokosi la zipangizo, mphika wowiritsira zitsulo kuti zisapatsirane nthenda, mankhwala omatira, ndi mafuta a njinga yamoto. Dotolo wa mano amene wapatsidwa chozulira chokha adzazula, monga mlimi wopatsidwa nkhwangwa yokha adzangodula. Mu 2022 Boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya za umoyo wa m'kamwa. Tithokoza. Koma pepala silimata dzino. Ndondomeko imakhala ya moyo tsiku limene njinga yamoto yaima pa bwalo la sukulu, ndipo sidzaima pamenepo ngati ife tikhala chete.

MLANDU WATHU IFE ENI

Ndisaloze chala ku boma kokha. WHO inalengeza mu 2022 kuti ana oposa 500 miliyoni pa dziko lonse ali ndi mano a ubwana oola osachizidwa, ndipo gwero lache ndi limodzi kulikonse: shuga. Tayang'anani pa chipata cha sukulu pa nthawi yopuma, muone zimene ana athu amagula: maswiti, mabisiketi, timadzi totsekemera ta m'timapepala. Choononga kwambiri si kuchuluka kwa shuga kokha, koma kubwereza-bwereza tsiku lonse, pakuti nthawi iri yonse shuga akalowa m'kamwa asidi amayambanso nchito yache. Makolo athu anali kutuma mwana ndi mtedza kapena chimanga chokazinga m'thumba, ndipo nzeru imeneyo siinakalambe. Mwana atsuke mano kawiri pa tsiku, makamaka asanagone, ndi mankhwala okhala ndi fluoride: wosakwana zaka 3 pang'ono ngati kambewu ka mpunga, wokulirapo ngati nsawawa yaing'ono. Alabvule, koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwala atsale pa mano. Wamng'ono amtsuke ndi mkulu kufikira zaka 7. Dotolo akabwera kamodzi pa chaka, masiku ena onsewo dotolo ndinu.

TICHITE CHIYANI TSONO?

Kuyambira pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, nchito zambiri za umoyo m'maboma zimadzera ku Khonsolo, ndipo njira yofikira kumeneko tiidziwa: komiti ya chitukuko ya m'mudzi, komiti ya dera, komiti ya pa chipatala chathu, ndi Khansala. Ndipempha kuti Nthambi ibvomereze mfundo izi:

1. Aphunzitsi ndi alangizi a za umoyo alembe kwa teremu imodzi ana onse ojomba chifukwa cha dzino, kuti tikapita kwa akulu tikapite ndi chiwerengero chathuchathu, osati ndi madandaulo a pakamwa.

2. Tipemphe Khonsolo kuti dotolo wa mano azifika pa sukulu iri yonse ya m'dera lino kamodzi pa chaka, kuyamba ndi ana a Sitandade 1 ndi 2, amene mano ao a ukulu angotuluka kumene.

3. Tipemphe kuti pa ndalama za umoyo za boma lino pakhale gawo lolembedwa la mankhwala omatira, zitsulo za m'manja ndi mafuta a ulendo, kuti asabwere kudzangoyang'ana ndi kubwerera.

4. Tipemphe kuti anyamata ndi atsikana otsiriza maphunziro amenewa alembedwe nchito msanga, ndipo mmodzi aikidwe pa chipatala chaching'ono cha kuno. Ngati bvuto ndi nyumba, njerwa tidzaumba ndife, monga tinaumba za sukulu.

5. Pa tsiku la kuyesa mano, kholo liri lonse libwere ndi mwana wache, limve lokha, ndi kubvomereza lokha.

Bambo aja anati tikambe za feteleza ndi mlatho. Tidzakamba, pakuti nzofunika. Koma feteleza timfunira chimanga, ndipo chimanga chifuna mano. Mtsikana uja watsala ndi atatu mwa mano anai aja, ndipo dzulo ndinaona kadontho koyera pa limodzi. Likadalipo, likhoza kupulumuka. Bwerani nonse ku msonkhano, amai makamaka, ndipo musananyamuke muitane mwana wanu pa dzuwa, mumuuze ayasamule, mupenye kumbuyo.

Ine wanu pa nchito,
Mlembi wa Nthambi